Kodi amapiano atilanda nyimbo zathu?

Bambo Phiri, Ndirande:
Moni nonse a pagulu pano. Pali nkhani yomwe ikundisowetsa mtendere, ndipo ndikufuna timve maganizo a aliyense, akulu ndi achinyamata omwe. Kulikonse kumene munthu upite masiku ano, kaya mu minibasi ya ku Limbe, kaya pa ukwati, kaya pometetsa, chikulira ndi amapiano basi, nyimbo zovina zija zochokera ku South Africa. Oimba athu ambiri nawonso asiya zomwe ankaimba, alowa momwemo. Ine ndinakula ndi Alleluya Band, Lucius Banda, Allan Namoko ndi Black Missionaries. Nyimbo zimenezo ukangozimva unkadziwa kuti izi ndi za kwathu. Lero ndikatsegula wailesi sindikusiyanitsa ngati woimbayo ndi wa ku Lilongwe kapena wa ku Pretoria. Kodi ndi ine ndekha amene ndikuona kuti tikutaya chinthu chachikulu?

Chikondi wa Area 25:
Pepani Bambo Phiri, ndiyankhe ngati mwana wanu. Ife timakonda amapiano chifukwa amavinika, ndipo kuvina si tchimo. Munthu wakhala sabata yonse akusakasaka ntchito osaipeza, Loweruka afuna apepukeko mtima. Log drum, ng'oma yakuya ija ya amapiano, ikagunda imakafika mpaka pachifuwa. Komanso mvetserani bwino Zeze Kingston, akuimba m'Chichewa, nkhani zake ndi za konkuno. Ndiye mukati si za kwathu mukutanthauza chiyani?

Rasi wa ku Chileka:
Mlongo wanga, kuvina tonse timavina. Koma nyimbo iyenera kunyamula uthenga. Evison Matafale anatulutsa Kuimba 1 ndi Kuimba 2 zokha, anamwalira mu Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi, koma mpaka lero anthu amasonkhana ku Chileka chaka ndi chaka kumukumbukira. Ana obadwa iye atapita kale amaimba mawu ake onse osaphonya. Ndiuzeni nyimbo ya amapiano ya chaka chatha chomwechi yomwe anthu akuiimbabe. Zimabwera, zimaphulika miyezi itatu, zimazimirira.

Chikondi wa Area 25:
Achimwene, nanga reggae inachokera ku Chileka? Si ya ku Jamaica imeneyo?

Rasi wa ku Chileka:
Inachokera ku Jamaica, sindikukana. Koma mukamva mmene ma Blacks, gulu la Matafale la Black Missionaries, amaiimbira, si mmene amaimbira a ku Kingston. Mawu a Anjiru Fumulani, mavume a anzake kumbuyo, bezi ya Peter Amidu, zonsezo zili ndi fungo la kuno. Banja la a Fumulani linali m'nyimbo kale reggae isanafike pa Chileka. Bambo awo, a Robert Fumulani, anali ndi Likhubula River Jazz Band. Anawo anatenga reggae n'kuiika pamwamba pa zomwe anazimva pakhomo ali ana.

Mphunzitsi wopuma, Zomba:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma funso la mwana wathu Chikondi ndi lofunika kwambiri, tisalidumphe. A Phiri, inu ndi ine ndife a msinkhu woyandikana, ndipo ndikumva kuwawa komwe mukumva. Komabe tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono tione nyimbo zomwe timati ndi zathu zenizeni.

Tiyambe pa Chileka pomwepo. Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi mwa Singano, amene dziko lonse limawalemekeza, ankaimba kwela. Kwela ndi ya m'makomboni a ku Johannesburg, nyimbo ya anyamata oimba zitoliro zachitsulo m'misewu m'zaka za m'ma 1950. Inafika kuno kudzera mwa anthu opita ku migodi ndi magalamafoni omwe ankabwera nawo. A Kachamba eni ake anakhalako ku Harare ali ana, nthawi imeneyo kukutchedwa Salisbury. Katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, atakumana nawo mu 1967 anapeza anyamata omwe anatenga nyimbo yachilendo n'kuisula mwatsopano, maka mmene Daniel ankakhudzira gitala, ngati pali anthu awiri pomwe ali yekha. Lero palibe amene angaimirire n'kunena kuti Daniel Kachamba ankaimba za eni ake.

Banjo ya Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band ku Thyolo, chida chimenecho sichinabadwire ku Thyolo. Kiyibodi ya ku Balaka yomwe inalamulira dziko lino m'ma 1990 inachokera kunja, ndipo mayendedwe ake anabwereka ku reggae ndi ku nyimbo za ku South Africa. Chimanga chinachokera ku America, koma palibe amene amati nsima ndi chakudya chachilendo, chifukwa kukonola, kusinja ndi kuphika kwake ndi kwathu. Funso langa pa amapiano ndi lakuti, kodi ana athu akuwakonola ndi kuwaphika okha, kapena akungogula zophikaphika?

Bambo Phiri, Ndirande:
Aphunzitsi, mwafotokoza bwino, ndipo za a Kachamba ndikuvomera. Koma pomwe mwathera ndi pomwe pali dandaulo langa. A Kachamba ankagwira chida ndi manja. Namoko, munthu wosaona, ankaimba banjo zala mpaka kuchita zikang'a. Lero mnyamata akhala pa kompyuta, atenga kagundidwe komwe wina wapanga kale ku Soweto, aikapo mawu ake, mawa ili pa wailesi. Kuphika kwake kuli pati pamenepo?

Wojambula nyimbo, Chilobwe:
Malume Phiri, apa ndiye mwandiponda chala, chifukwa ntchito imeneyi ndi yomwe imadyetsa ana anga. Ndili ndi kasitudiyo kakang'ono kuseri kwa nyumba. Ndikuuzeni zoona, aulesi alipo, amene amangotsitsa kagundidwe pa intaneti n'kuimbapo. Koma kupanga nyimbo pa kompyuta si kungodina batani. Uyenera kudziwa makiyi, uyenera kumva pomwe bezi ikulimbana ndi ng'oma, uyenera kukonza mawu a woimba kuti amveke bwino ngakhale pa kasipika ka foni, chifukwa anthu athu ambiri amamvera pamenepo. Nyimbo imodzi imatha kundidyera usiku wathunthu, magetsi akalola.

Ndipo chifukwa chomwe achinyamata ambiri sakuimba ndi bandi si ulesi ayi, ndi ndalama. Bandi imafuna anthu asanu kapena kuposa, ng'oma, magitala, zokuzira mawu, galimoto yonyamula zonsezo, ndi malo ochitira pulakatisi. Mnyamata wa ku Chilobwe azitenga kuti? Kale woimba ankapita ndi chimbale chake kwa O.G. Issa, makaseti n'kugulitsidwa dziko lonse, iye n'kulandira yake. Lero nyimbo ikatuluka m'mawa, madzulo ili kale mu memory card ya aliyense, yowotchedwa pa msika, mwini wake osaona ngakhale tambala. COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, ilipo kuyambira 1992 ndipo imatolera za m'mawailesi ndi malo ena, koma woimba wongoyamba kumene sangakhalire zimenezo. Ndalama ili pa mashoo ndi maukwati, ndipo kumeneko amaitana amene akuvinitsa anthu. Ndiye mwana akaimba amapiano, nthawi zina akungotsata komwe kuli chakudya.

Nachisale:
Ana anga, ine za makompyuta sindizidziwa, koma ndilankhuleko za chomwe ndimakonda. Mukukangana za reggae ndi amapiano ngati dziko lonse limamvera ziwirizo. Pitani m'nyumba za anthu Lamlungu m'mawa mukamve. Ndi nyimbo zauzimu zomwe zikulira. Grace Chinga anatisiya mu 2016, koma pa maliro, pa chinkhoswe, m'basi ya ku Mzuzu, mawu ake akadali nafe. Ethel Kamwendo Banda, Ndirande Anglican Voices, Great Angels Choir, makwaya a amayi a mvano. Ine mwamuna wanga atamwalira, sizinali nyimbo zovina zomwe zinandidzutsa pa mphasa. Anali amayi anzanga oimba usiku wonse popanda chida chilichonse, mawu okhaokha, wina kutsogolera ena kuvomera. Ngati mukufuna nyimbo ya Chimalawi yomwe sinasinthe, ndi imeneyo.

Chikondi wa Area 25:
Pepani kwambiri amayi. Zimenezo ndiye palibe angatsutse. Ngakhale ife ovina amapiano, tsiku la maliro timaimba zomwezo.

Nachisale:
Zikomo mwanawe. Ndiwonjezereko kuti malemuwo ankakonda kwambiri Jim Reeves ndi Don Williams, ndipo anandiphunzitsa kuwakonda. Mpaka pano ndikamachapa ndimaika Dolly Parton.

Dalaivala wa Lilongwe–Mchinji:
Mayi Nachisale mwatchula country, mtima wanga wasangalala. Anthu amadabwa kuti Mmalawi akonderanji nyimbo za azungu a zipewa zazikulu, koma country ndi nyimbo ya munthu wa kumudzi. Imakamba za munda, za mayi wokalamba, za mkazi amene wachoka, za Mulungu. Chingerezi chake ndi chodekha, ngakhale wolekeza Sitandade 8 amatolapo nkhani. Don Williams mpaka anabwera ku Harare mu 1997 chifukwa anadziwa kuti kuno kuli anthu ake.

Ine pa ntchito yanga ndimaona zokonda za anthu tsiku lililonse. M'mawa kwambiri ndikanyamula amayi a geni ndimaika zauzimu, aliyense ali phee. Masana ndimaika Skeffa Chimoto kapena Lulu, palibe amadandaula, wamkulu ndi mwana yemwe. Madzulo kondakitala wanga amalanda foni n'kuika amapiano, ndipo achikulire amayamba kupempha kuti titsitse. Oimba omwe sindinamvepo wokwera aliyense akuwakana ndi Lucius Banda ndi ma Blacks.

Bambo Phiri, Ndirande:
Mwamva a Dalaivala? Soldier Lucius Banda sakanidwa. Munthu uja kuyambira Son of a Poor Man mu 1994 ankalankhula zomwe ife tinkaopa kunena. Tinali titangotuluka mu ulamuliro wa chipani chimodzi, mabala akadali aawisi, iye n'kumaimba za mabalawo poyera. Maboma otsatira nawonso sanawasiye, mpaka nthawi ina wailesi ya boma inaleka kuulutsa nyimbo zake. Atamwalira pa 30 Juni 2024 ku South Africa, Balaka inadzaza anthu ochokera m'zigawo zonse. Ndiye ndikufunsa achinyamata, lero fetereza wakwera, shuga akusowa, mafuta tikugonera pa mzere, ndani mwa oimba anu akuimba zimenezo?

Mwana wa Ghetto, Mbayani:
Bambo, funso limenelo ndi lathu a hip hop, ndipo ndakhala ndikudikira kuti wina atitchule. Zomwe Soldier ankachita ndi bandi yake, ife timachita ndi mavesi. Mvetserani Fredokiss akamakamba za achinyamata a m'makomboni, mvetserani Phyzix, Third Eye, Gwamba. Martse, mzimu wake uuse mumtendere, anapita mu 2022 akadali mnyamata, koma anasiya mawu omwe anzanga amawanena pamtima. Vuto ndi lakuti akuluakulu mukangomva kuti ndi rap mumatseka makutu musanamve mawu. Mumati ndi zachimereka. Chonsecho Chichewa chozama chomwe chikuimbidwa lero, chamiyambi ndi mikuluwiko, chambiri chili mu rap. Kulumikiza mawu kuti agwirizane kumapeto kwa mzere uliwonse, uku ukunena nkhani yomveka, ndi ntchito ya mlakatuli.

Pachiyambi inde, a Real Elements ndi anzawo ankaimba kwambiri m'Chingerezi, ndipo inkaoneka ngati nyimbo ya ana a mabwana. Zinasintha pomwe anyamata a ku Ndirande, Kawale ndi Mchesi anayamba kurapa m'chilankhulo chomwe amagulira tomato pa msika.

Mphunzitsi wopuma, Zomba:
Mwanawe, mawu akowa ndawalandira. Nditumizire nyimbo zitatu zomwe ukuona kuti Chichewa chake ndi chakupsa, ndikhale nazo pansi ndimvetsere. Pempho langa limodzi kwa anzako ndi la kutukwana ndi kunyoza amayi. Nyimbo ina imayamba bwino, kenako pakati pamatuluka mawu oti sungamvere pamodzi ndi mdzukulu wako.

Mwana wa Ghetto, Mbayani:
Nditumiza madzulo ano, agogo. Za kutukwanazo ndi zoona kwa ena, koma si onse.

Mlongo wa ku Joni:
Ine ndikulemba kuchokera ku Johannesburg komwe amapiano anabadwira, m'makomboni a kuno ndi a ku Pretoria. Ndikuuzeni, eni ake kuno amanyadira kwambiri. Kabza De Small ndi DJ Maphorisa ndi mafumu. Chomwe ndimasirira ndi chakuti iwo sanadikire kuti dziko liwavomereze. Anayamba kugawana nyimbo pa WhatsApp ndi m'mataxi, akuluakulu a mawailesi akuzinyoza, lero zikuvinidwa ku London ndi ku Lagos.

Koma a Phiri ndikumvetsa zomwe akunena. Ife Amalawi tikasonkhana kuno kumapeto a mwezi, sitiika amapiano, tawamva kale sabata yonse ku ntchito. Timaika Joseph Nkasa, Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Thomas Chibade. Ndaonapo bambo wamkulu, wogwira ntchito ya ulonda, akugwetsa misozi pa nyimbo ya ku Balaka chifukwa yamukumbutsa ana ake ku Mangochi. Mmalawi akaimba amapiano ofanana ndendende ndi a kuno, anthu a kuno alibe chifukwa chomumvera, ali nawo kale abwino kuposa. Chomwe chingawatembenuze khosi ndi chomwe alibe.

Wojambula nyimbo, Chilobwe:
Achemwali, apo mwalasa. Ndi zomwe ndimawauza anyamata obwera kwanga. Tili ndi manganje, tili ndi mganda, beni, chimtali, tchopa, malipenga, vimbuza. Kagundidwe ka manganje kali ndi mphamvu yoti kakhoza kudzaza bwalo lililonse. Ndayesapo kujambula ng'oma zenizeni za manganje n'kuziika pansi pa log drum, zimagwirizana modabwitsa. Koma woimba akamva amati, "Akulu, chotsani zakumudzizo, anthu aziseka." Manyazi amenewa ndi omwe akutipha, osati amapiano.

Chikondi wa Area 25:
Koma si onse ali ndi manyazi. Tay Grin wakhala akuika za gule wamkulu m'nyimbo zake kwa zaka zambiri, mpaka amatchedwa Nyau King. Ndipo taonani zomwe anachita Patience Namadingo mu 2020, kukatenga agogo a Giddes Chalamanda, munthu wobadwa mu 1930, n'kuimba nawo limodzi. Linny Hoo inazungulira dziko lonse pa TikTok, anthu a m'mayiko osadziwa n'komwe kuti Chiradzulu ili kuti akuivina. Amene anaifalitsa ndi ife achinyamata a mafoni omwe mukutidandaulafe.

Nkhoma wa ku Dedza:
Za a Chalamanda ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse, zinatipatsa ulemu. Koma za gule ndili ndi mawu. Ine ndine Mchewa wolowa, ndipo gule si chovala chongokongoletsera kanema. Ali ndi malo ake, nthawi yake ndi eni ake. UNESCO inamuzindikira mu 2005 chifukwa cha mwambo wonsewo, osati zigoba zokha. Sindikuletsa woimba kutenga ng'oma zake, ng'omazo ndi zokoma ndipo dziko lizimve. Ndikungopempha kuti ofuna kutero azifika kwa mafumu ndi akuluakulu a dambwe, afunse chomwe chingaonetsedwe ndi chomwe sichingaonetsedwe.

Mwana wa Ghetto, Mbayani:
A Nkhoma, nanga akapanda kuonetsedwa m'makanema, ana a m'tauni amudziwira kuti gule? Ambiri a ife kumudzi timapita pa maliro pokha.

Nkhoma wa ku Dedza:
Abwere ku Kulamba, ku Mkaika ku Katete, mwezi wa Ogasiti, komwe Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana kwa Kalonga Gawa Undi. Kapena apite kwawo nthawi ya chiliza. Kanema wa mphindi zitatu amaonetsa kudumpha kokha, sanena chifukwa chomwe chilombocho chatulukira.

Tembo wa ku Chipata:
A Nkhoma mwatchula kwathu, ndiye ndilowepo. Mkangano womwewu kuno ku Zambia ulipo. Akulu amati kalindula ya P.K. Chishala ndi Amayenge ndiyo nyimbo, ana amati Yo Maps. M'zaka za m'ma 1970 a Kaunda analamula kuti wailesi iziulutsa kwambiri nyimbo za m'dziko momwemo, ndipo mabandi anaphuka ngati a WITCH ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi. Chodabwitsa n'chakuti anyamatawo ankaimba rock, yobwereka kwa azungu, koma lero dziko lonse limaitcha Zamrock ndipo WITCH ikuyendabe ku Ulaya ndi ku America. Mwina ku Malawi kukanakhala lamulo lotere lolimba, oimba anu akanapeza mpata wokulirapo. Kuno ku Chipata nyimbo zanu timazimvera ngati zathu, malire sitiwaona.

Wojambula nyimbo, Chilobwe:
Lamulo lotere likanathandiza kale, a Tembo, pomwe MBC inali wailesi yokhayo. Lero mwana amasankha yekha pa foni, sungamulamule.

Mdzukulu wa Achimwene, Mbare:
Moni kwa nonse kuchokera ku Harare. Agogo anga anachoka ku Machinga kubwera kudzagwira ntchito m'mafamu, ine ndinabadwira konkuno. Chichewa changa ndinachisunga chifukwa cha agogo ndi nyimbo. Mwina ena simudziwa kuti sungura, yomwe anthu amati ndi nyimbo ya Zimbabwe, ili ndi manja a ana a Amalawi. Alick Macheso bambo ake anali ochokera kwanuko, ndipo amaimba m'Chishona ndi m'Chichewa momwe. Nicholas Zakaria wa Khiama Boys, komwe Macheso anakulira pa zoimba, nayenso mizu yake ndi ya ku Malawi. Ife ana a m'mafamu ndi m'migodi tinkanyozedwa kuti ndife obwera. Macheso akaimba vesi ya Chichewa pamaso pa chikhamu cha anthu, onse n'kumavomera, tinkayenda mutu uli m'mwamba. Sungura nayonso inatenga zambiri ku rumba ya ku Congo ndi ku nyimbo za ku Kenya ndi Tanzania.

A Rasi, Rufaro Stadium komwe Bob Marley anaimba mu Epulo 1980 pa ufulu wa dziko lino ili kuno ku Mbare, ndimadutsapo popita ku msika.

Rasi wa ku Chileka:
Mwandipatsa nsanje yabwino, m'bale wanga. Malo amenewo ndimalakalaka nditawapondapo.

Mphunzitsi wopuma, Zomba:
Pa mndandanda wa ana a Amalawi kunja muikepo Ray Phiri wa gulu la Stimela ku South Africa, amene bambo ake anali ochokera kuno. Gitala yake ili mu chimbale cha Paul Simon cha Graceland cha 1986. Erik Paliani nayenso anagwira ntchito ndi Hugh Masekela. Luso m'dziko lino silinasowepo.

Mayi Gondwe, Mzuzu:
Ndawerenga zonse ndipo ndikuona kuti nkhani yazungulira Blantyre, Balaka ndi Lilongwe. Kumpoto kuno tinali ndi Wambali Mkandawire wa ku Mlowe ku Rumphi, amene anatisiya mu Januwale 2021. Ngati pali munthu amene anayankha kale funso lomwe mukufunsali, ndi iyeyo. Anatenga jazz, nyimbo yovuta ya kunja, n'kuikwatitsa ndi ng'oma ndi maimbidwe a Chitumbuka, ndipo chimbale chake cha Zani Muwone chinalemekezedwa mpaka kunja. Koma tinene zoona, ndi angati mwa ife amene tinkagula nyimbo zake kapena kupita ku mashoo ake ali moyo? Ambiri ankati ndi nyimbo za anthu ophunzira. Timafuula kuti tikufuna za chikhalidwe chathu, wina akatipatsa timathawira kwa ovinitsa.

Chimodzimodzi Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi babatoni wake wa chingwe chimodzi, woimbidwa ndi botolo ndi kamtengo. Madalitso Band, anyamata awiri omwe ankaimba m'misewu ya Lilongwe, anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kuchoka apo akhala akuzungulira ku Ulaya. Akaidi a ku ndende ya Zomba anafika pa mndandanda wopikisana nawo pa Grammy mu 2016. Onsewa amadziwika kwambiri kunja kuposa kwawo. Mlandu umenewu si wa achinyamata okha, a Phiri. Ndi wa tonse.

Bambo Phiri, Ndirande:
Mayi Gondwe, mawu anu ndi olemera. Komabe maganizo anga pa amapiano sanasinthe. Ndikamva nyimbo ya mphindi zisanu ndi ziwiri yokhala ndi mawu anayi obwerezabwereza, mtima wanga sukhuta. Ine ndimafuna nkhani, ndimafuna woimba andiuze kanthu koti ndipite nako kunyumba.

Kabaza wa rumba, Mangochi:
Bambo Phiri, nanga rumba simunavine? Ine ndi wa Franco, Pepe Kalle, Kanda Bongo Man, mpaka Fally Ipupa. Chilingala sindimva ngakhale liwu limodzi, koma sebene ikayamba, gitala zitatu zikulankhulana, thupi limamva lokha. Nthawi ya kwasakwasa dziko lonse lino linkavina, ndipo palibe ankafunsa kuti uthenga wake ndi wotani. Franco anamwalira mu 1989, Papa Wemba anagwera pa siteji ku Abidjan mu 2016, koma m'mabala a kuno ku Mangochi akulirabe. Rumbayo eni ake a ku Congo anaitenga ku nyimbo za ku Cuba, lero UNESCO inailemba mu 2021 ngati chuma chawo. Nyimbo ina ntchito yake ndi kulankhula, ina ntchito yake ndi kuvinitsa, ndipo zonse ndi zofunika pa moyo wa munthu.

Bambo Phiri, Ndirande:
Rumba ndinavina, ndipo ndimaikondabe. Koma kumeneko kunali anthu khumi ndi kuposa pa siteji, aliyense ndi chida chake, thukuta likutsika. Ndi chimenecho ndimachilemekeza.

Chikondi wa Area 25:
Ndiye bwerani ku shoo imodzi muone, bambo. Ku Sand Music Festival, yomwe anaiyambitsa Soldier wanu yemweyo, achinyamata ambiri amaimba ndi bandi yathunthu. Eli Njuchi, Driemo, Kell Kay, Onesimus, si anthu ongoyimirira pa kompyuta, mawu ali nawo. Driemo akamaimba za chikondi ndi mavuto a mnyamata wosauka, anzanga amalira. Soldier mwini wake ankawaitana anawa pa siteji yake, sankawathamangitsa.

Rasi wa ku Chileka:
Pa Eli Njuchi ndikuvomereza, mwana uja amalemba. Ndipo dancehall yomwe anayambira ndi mphukira ya reggae, ndiye ndi wa m'banja mwathu. Koma ndikufuna ndione ngati pakatha zaka makumi awiri anthu adzakhale akuimbabe nyimbo za m'badwo uno mmene akuimbira za Matafale.

Mwana wa Ghetto, Mbayani:
Adzaimba, Rasi. Za m'ma 1990 zomwe mukuzikumbukira ndi zomwe zinapulumuka. Zinalipo zambirimbiri za kiyibodi imodzimodzi zomwe lero palibe akuzitchula. Za ifenso zidzasefedwa choncho.

Nachisale:
Ine pempho langa kwa a DJ a pa maukwati, ngati alipo pagulu pano. Nthawi ya perekaniperekani muzikumbukira kuti pali azakhali ndi agogo omwe abwera ndi ndalama zawo kuchokera kutali. Mukaika amapiano okhaokha iwo amangokhala pa mpando, sadziwa poponda. Muziikako Lawrence Mbenjere, muziikako za ku Balaka, muziikako chimtali, muone mmene adzukire.

Wojambula nyimbo, Chilobwe:
Amayi, uthenga umenewu ndiufikitsa kwa anzanga, ambiri ndimadziwana nawo. Ndipo Malume Phiri, ndikukupemphani chinthu chimodzi. Ngati muli ndi makaseti akale a Namoko, Stonard Lungu, Michael Yekha kapena Saleta Phiri, musawataye. Ambiri mwa iwo sapezeka pa intaneti, ndipo tepi ikagwira chinyezi yatha. Ndili ndi makina osamutsira ku kompyuta, sindilipiritsa. Ndikufuna anyamata obwera ku situdiyo azimva mmene akuluakuluwa ankayendetsera banjo ndi gitala asanayambe kujambula zawo.

Bambo Phiri, Ndirande:
Alipo katoni yathunthu pamwamba pa wadiropu. Ena a Alleluya, ena a Kalimba ndi Makasu. Ndifufuze kaye ngati akulirabe, kenako ndikuimbirani.

Mayi Gondwe, Mzuzu:
Mukasamutsa mutiponyereko pagulu pano, koma tikambirane kaye za eni nyimbozo ndi mabanja awo, kuti tisakhale ife owotcha omwe timawadandaula aja.

Wojambula nyimbo, Chilobwe:
Zoona mayi. Ndiyamba ndafunsa ku COSOMA kuti njira yoyenera ndi iti. A Nkhoma, inunso ndikufunani kumbali, pali ng'oma za chisamba zomwe ndikufuna kujambula ku Dedza, ndipo ndikufuna mundilondolere kwa oyenera kuwapempha.

Nkhoma wa ku Dedza:
Chisamba ndi cha amayi, ndiye oyenera kuwafikira ndi anamkungwi kudzera kwa amfumu. Bwerani tikakolola, mvula ikatha misewu ya kwathu imayendeka. Ndikutumizirani nambala kumbali.